Utsi woyera kumbuyo kwa jeti ya rimoti: mafuta, pampu ndi moto woti upewedwe

Pa chionetsero cha ndege zoyendetsedwa ndi rimoti, khamu silikuwa kwenikweni ndege ikamanyamuka. Limadikira pamene woyendetsa wagwetsa kaswichi kamodzi pa rimoti yake, kumbuyo kwa ndege n'kutuluka mzere woyera mbee, wokhuthala, wolondola paliponse pamene ndegeyo yadutsa. Ndege ikazungulira, mzere nawo uzungulira. Ikagubuduzika, mzere upotana. Oonerera ena amayesa kuti injini yayamba kupsa, ena amati m'katimo muli chophulika. Zoona zake n'zakuti amenewo ndi mafuta opopedwa mwadala m'mpweya wamoto umene ukutuluka m'injini. Luso lake lagona pa chinthu chimodzi: mafutawo atenthe mokwanira kuti asanduke nthunzi, koma asayake. Mpata wa pakati pa ziwirizi ndi wochepa, ndipo ndege zokwera mtengo zapserapo zili pansi, zisananyamuke n'komwe, chifukwa mwini wake anaganizira zotsegula utsi n'kuiwala zoutseka.

Ndege tikukambazi si zidole za ana. Zambiri zimatalika mamita 2 kapena 3, zimalemera makilogalamu 10 mpaka 25, ndipo zimatha kuthamanga makilomita oposa 300 pa ola. Injini yake ndi turbine yeniyeni, yongochepetsedwa: imakoka mpweya kutsogolo, kuupanikiza, kuusakaniza ndi mafuta, kuuyatsa, n'kuulavulira kumbuyo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Kurt Schreckling wa ku Germany anasonyeza kuti injini yotere munthu angathe kuipanga pakhomo n'kuulutsira ndege, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya JPX ya ku France inayamba kugulitsa zake zoyendera gasi. Lero pamsika pali JetCat ya ku Germany, AMT ya ku Netherlands, KingTech ya ku Taiwan, Jet Central ya ku Mexico, Xicoy ya ku Spain ndi ena. Injini yapakatikati imalemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono chabe, koma imakankha ndi mphamvu ya makilogalamu 10, ndipo ikapatsidwa moto wonse shafiti yake imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi. Imamwa parafini, dizilo kapena Jet A-1 (mafuta a ndege zikuluzikulu) wothiramo oyilo pang'ono, kawirikawiri magawo 5 pa 100 aliwonse, woti azifewetsa mabering'i. Chotikhudza pano ndi mpweya wotuluka kumbuyo kwake. Umatentha madigiri 500 mpaka 750, ndipo pa moto wonse umathamanga kupyola makilomita 1,000 pa ola.

Chimene diso limaona m'mwambamo

Utsi wa nkhuni umachokera ku chinthu chimene chapsa. Wa ndegewu palibe chapsa. Dontho la mafuta likagwera m'mpweya wa madigiri 600 limamwazika n'kusanduka nthunzi yosaoneka. Nthunziyo ikangotuluka m'ndege imakumana ndi mpweya wozizira, n'kusandukanso timadontho tochepetsetsa, topepuka kwambiri moti sitigwa msanga. Timadontho timeneti timabweza kuwala kwa dzuwa mbali zonse, diso n'kuona zoyera. Ndi nkhungu ya mafuta basi.

Amene anakazingapo tchipisi pa chiwaya ayimva msanga nkhaniyi. Chiwaya chikangofunda, mafuta amangokhala duu. Moto ukakula, amayamba kufuka. Ukakulabe, amalilima, utsi woyera uja n'kusanduka lawi. Woika utsi m'ndege akufuna gawo lapakatilo, ndipo akulifuna m'kati mwa mphepo yamoto imene siipatsa mafuta ngakhale sekondi imodzi yoti akhazikike.

Kujambula m'mwamba ndi utsi sikunayambire pa ndege za rimoti. Mu 1922, pa mpikisano wa mahatchi wa Derby ku Epsom ku England, Cyril Turner anaulutsa ndege ya SE5a n'kulemba m'mwamba dzina la nyuzipepala ya Daily Mail, pa ntchito imene anayambitsa ndi Jack Savage. Gulu la Red Arrows la asilikali a m'mlengalenga a ku Britain limagwiritsa ntchito njira yomwe tafotokozayi: ndege zawo za Hawk zimanyamula thanki kunsi kwa mimba, ndipo timapaipi titatu tokhala pamwamba pa potulukira mpweya wa injini timathira mafutawo, amene kwa zaka zambiri akhala dizilo. Thankiyo imapereka mphindi 5 za utsi woyera, mphindi imodzi ya wofiira ndi imodzi ya wabuluu. Ndege yaikulu choncho utsi n'kuithera m'mphindi 7! Utsi ndi wadyera pa mafuta, ndipo dyera limeneli ndilo limalamula pafupifupi chilichonse chimene woika utsi m'ndege yaing'ono angasankhe.

Pa ndege za rimoti za injini ya petulo vuto limakhala kuchepa kwa kutentha. Mafuta amathiridwa mu ekizozi, ndipo ena amachita kukulunga kapaipi kuzungulira ekizoziyo kuti mafuta afike atafunda kale. Pa turbine zinthu n'zotembenuka. Kutentha kulipo kosefukira, chovuta n'kukulamulira.

Ulendo wa mafuta kuchoka m'thanki

Zida zake si zambiri: thanki yakeyake, sefa, pampu yamagetsi, valavu, machubu, ndi kapaipi kachitsulo kothirira mafuta m'mpweya wa injini.

Thanki nthawi zambiri imakhala ya lita imodzi kapena malita 2, ya pulasitiki kapena ya ulusi wolimba wotchedwa Kevlar, pena thumba lofewa lomwe limafota mafuta akamatha. M'kati mwa thanki yolimba mumakhala kachubu kofewa kokhala ndi kachitsulo kolemera kumapeto, kuti ndege ikatembenuka chagada kachubuko kazitsata mafuta kumene athawira. Pamafunikanso chubu chothirira ndi china chopumira, chotulukira kunsi kwa ndege. Pali kanthu kakang'ono kamene ozolowera amachita: pothirira mafuta a utsi amapaika chizindikiro china, kapena amapapanga kukula kosiyana ndi pothirira mafuta a injini. Pa tsiku la chionetsero anthu amakhala pa changu, ndipo mafuta a utsi akalowa m'thanki ya injini ndege ija yataya tsiku, mwinanso yatayika yonse ngati cholakwacho chadziwikira m'mwamba.

Pampu imakhala ya magiya awiri ang'onoang'ono oyendetsedwa ndi mota, ndipo imalumikizidwa ku risiva, kachida ka m'ndege kolandira malamulo a rimoti, monga zimachitira zida zina zonse za ndegeyo. Pali ya PowerBox-Systems ya ku Donauwörth ku Germany, pali Skywriter ya kampani ya Sullivan ku America, ndi zina. Chofunika kuyang'ana pogula ndi chakuti liwiro lake lizitha kusinthidwa kuchokera pa rimoti. Pampu zikuluzikulu zimapopa kupyola theka la lita pa mphindi. Tayerekezani ndi injini ija ya makilogalamu 10, imene pa moto wonse imamwa mamililita 300 mpaka 400 pa mphindi: utsi ungathe kudya mafuta ambiri kuposa injini imene ikuulutsa ndegeyo. Thanki ya lita imodzi ndi theka, pa liwiro la theka la lita, yatha m'mphindi 3. N'chifukwa chake oyendetsa odziwa satsegula utsi ulendo wonse. Amausungira pozungulira, pogubuduzika ndi podutsa patsogolo pa anthu.

Pampu ipatsidwe batire lakelake. Magiya akagwidwa ndi kachitsotso, mota imakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi, ndipo ngati ikugawana batire ndi risiva, ndege ikhoza kusiya kumvera rimoti kwa kanthawi. Pa makilomita 300 pa ola, sekondi imodzi ndi mamita oposa 80. Sefa yoikidwa pampu isanafike imachepetsa vuto la zitsotso. Kale, pamene marimoti ankayendera mafunde a wailesi a 35 kapena 72 MHz, anthu ankaopanso phokoso lamagetsi lochokera ku mota ya pampu, chibwerereni 2.4 GHz vutoli linachepa, komabe pampu siiikidwa moyandikana ndi tinyanga ta risiva.

Machubu amasiyana malinga ndi malo. Chubu cha silikoni chimafufuma chikakhudza parafini kapena oyilo, choncho sichilowa n'komwe m'nkhani ino. Kumalo ozizira amagwiritsa ntchito chubu chofewa chotchedwa Tygon kapena cha polyurethane cholowa m'zolumikizira za kampani ya Festo. Kuyandikira injini amaika cha PTFE chopirira kutentha, ndipo chigawo chomaliza chimakhala chachitsulo. Mfundo iliyonse imangidwe ndi kawaya. Chubu chikavuka kuseri kwa pampu, kumene kuli mphamvu, mafuta amapoperedwa m'kati mwa ndege, pa mawaya ndi pa paipi yotentha, woyendetsa ali pansi osadziwa kanthu.

Kapaipi kaikidwe pati?

Apa ndi pamene oika utsi amatsutsana kwambiri, ndipo mtsutsowo uli ndi maziko.

Pa ndege zina injini imakhala panja, pamsana kapena kumchira kwenikweni, ndipo mpweya wake umangopita kunja. Zimenezi n'zosavuta: kapaipi kamangiriridwa kuseri kwa injini, ndipo mafuta amene sanasanduke nthunzi amangouluzika. Koma ndege zotsanzira zankhondo zenizeni zimabisa injini pakati pa thupi. Mpweya wamoto umayenda mtunda wautali m'paipi yachitsulo chopyapyala chosachita dzimbiri, kawirikawiri ya makoma awiri, mpaka kukatulukira kumchira. Kutsogolo paipiyi ndi yokamwa kwakukulu, ndipo pakati pa iyo ndi injini pamasiyidwa mpata wa masentimita 2 kapena 3, kuti mpweya wothamangawo uzikokeramo wina wozizira woziziritsa paipi.

Malo oyamba othirira mafuta ndi mpata umenewu, pakamwa penipeni pa injini. Apa ndi potentha kwambiri komanso mphepo ndi yamphamvu, choncho pafupifupi dontho lililonse limasanduka nthunzi, utsi n'kukhala wokhuthala bwino. Koma pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Turbine imameza mpweya wambiri kuposa umene moto wake ukufuna, ndiye mpweya wotuluka kumbuyo umakhala udakali ndi okosijeni wochuluka. Ndi okosijeni ameneyu amene ndege zankhondo zimayatsira afterburner, lawi lija limaoneka kumchira zikamanyamuka. Kuthira mafuta pakamwa pa injini ndiko kuika pamodzi mafuta, okosijeni ndi kutentha. Chimene chimaletsa moto ndi liwiro la mphepo lokha, limene silipatsa lawi pogwira. Liwirolo likatsika, kapena mafuta akadikha pansi pa paipi, chotchinga chachoka.

Malo achiwiri ndi kumapeto kwa paipi, kumchira. Mpweya pofika apo wasakanikirana ndi wozizira uja, ndiye watsikako kutentha. Mafuta sadutsa m'kati mwa ndege ndi mpweya wamoto, ndipo ngati ayaka amayakira kunja. Zoipa zake nazo zilipo: utsi umapyapyala, mafuta ena amatuluka ali amadzimadzi n'kunyowetsa mchira, ndipo chubu chachitali chofika kumchira chimachedwetsa utsi potsegula n'kumadonthabe potseka. Kwa munthu amene akuika utsi koyamba pa ndege ya paipi yaitali, ine ndingasankhe kumchira, utsi wopyapyalawo n'kuuvomereza. Amene akufuna mtambo weniweni adzapita pakamwa pa injini, ndipo palibe cholakwika, bola zotsekera zikhale zitatheka kale.

Kapaipiko kamakhala kachitsulo chosachita dzimbiri, ka mamilimita 3 kapena 4. Nsonga yake amaiphwatalitsa kapena kuibowola timabowo, kuti mafuta azituluka momwazika osati mtsinje umodzi. Sikafunika kufika pakati pa mphepoyo; kulowetsa nsonga m'mphepete pang'ono, yopendekera kumbuyo, n'kokwanira. Pa injini zikuluzikulu ena amaika tiwiri, kumanja ndi kumanzere. Kamangiriridwe ndi mabawuti pa chinthu cholimba, chifukwa kakasuntha pang'ono kamayamba kupopera pa khoma la paipi m'malo mwa m'mphepo, ndipo mafuta oyenderera pa khoma ndiwo amadikha. Mtovu wowotcherera mawaya usayandikire apa, umasungunuka pa madigiri 200 kapena kuchepera. Komanso mafuta otsalira m'nsonga utsi ukatsekedwa amapsa pang'onopang'ono n'kusiya makala otseka bowo. Utsi ukayamba kufooka popanda chifukwa chooneka, poyambira kuyang'ana ndi pamenepo pampu isanaimbidwe mlandu.

Chotseka n'chofunika kuposa chotsegula

Munthu wogula zida amakopeka ndi pampu yamphamvu. Ndalama yake ikanagwira ntchito yabwino pa valavu. Mafuta amafika pa injini osaitanidwa m'njira zingapo, ndipo iliyonse ili ndi chotchinga chake.

Pampu ya magiya ikaima siitseka njira kotheratu. Thanki ikakhala pamwamba pa kapaipi, mafuta amayenderera okha. Ndege ikaima padzuwa, mpweya wa m'thanki umafufuma n'kukankha mafuta ngati chubu chopumira chatsekedwa. Injini ikamalira, mphepo yodutsa pa nsonga ya kapaipi imayamwa mafuta ngakhale pampu ili chete. Dontho ndi dontho, m'paipi mumadikha kadziwe. Mankhwala ake ndi valavu yamagetsi yokhala yotseka nthawi zonse pokhapokha italandira magetsi, kapena valavu ya sipuling'i imene imatseguka pampu ikakankha basi. Ikhale pafupi ndi kapaipi momwe kutentha kungalolere, kuti mafuta otsala kutsogolo kwake akhale ochepa. Ena amawonjezera kampopi kotseka ndi dzanja, kotsegula ndege ili kale pamzere wonyamukira.

Kuti timvetse kuopsa kwa kadziweko tione mmene turbine imalizidwira. Kamota kakang'ono kamazunguza shafiti, pulagi yotentha imayatsa mafuta oyamba, ndipo m'masekondi amenewo mphepo imakhala yofooka pamene kutentha kukukwera. Si zachilendo kuona kalawi kakunyambita kumbuyo kwa injini. M'paipi youma kalawiko kamazima kokha liwiro likakwera. M'paipi ya kadziwe kamapeza chakudya. Motowo umayakira pansi pa mchira, pamene pali mawaya ndi timamota toyendetsa zipsepse, ndipo utomoni womangira thupi la ndege zambiri umayamba kufewa madigiri 100 asanakwane. Ndiye musanalize injini, tukulani mphuno ya ndege kuti chilichonse chili m'paipi chikhuthukire pansi, ndipo suzumiranimo ndi tochi.

Njira ina ndi swichi yoiwalika. Woyendetsa watera, wazimitsa injini, swichi ya utsi ili yotsegula chifukwa thanki inatha ali m'mwamba ndipo palibe chinamukumbutsa. Wathiramo mafuta ena, wayatsa risiva, pampu n'kuyamba kupopera m'paipi yozizira. Marimoti amakono amalola kumangirira pampu ku ndodo ya moto, kandodo ka pa rimoti kokweza ndi kutsitsa mphamvu ya injini, kuti isayende pokhapokha swichi ili yotsegula komanso ndodoyo yadutsa pamene mwaikapo malire, mwachitsanzo theka. Ena amaikonza kuti mafuta azichuluka moto ukamakwera. Izi zimatetezanso pa nthawi imene injini ikulira pansipansi, pomwe mphepo yake siingathe kumwaza mafuta ngakhale ili yotentha. Marimoti ambiri amathanso kukana kuyamba ntchito ngati swichi ina siili pamalo ake. Swichi ya utsi ilowetsedwe pa mndandanda umenewo.

Choopsa kwambiri ndi injini kuzima m'mwamba utsi uli wotsegula. Ndodo ya moto ili pamwamba, swichi ili yotsegula, choncho rimoti ikuona ngati zonse zili bwino, koma mphepo yasiya ndipo pampu ikuthira theka la lita pa mphindi m'paipi yotentha. Apa rimoti yokha siingathandize. Chodziwa kuti injini yazima ndi kakompyuta koyendetsa injiniyo, kotchedwa ECU. ECU ya JetCat ili ndi polumikizira valavu ya utsi ndipo siitsegula valavuyo injini isakuyenda. Ngati ECU yanu ili ndi mwayi wotere, kusaugwiritsa ntchito n'kudzimana chitetezo chaulere. Chimodzimodzinso kulumikizana kwa rimoti ndi ndege kukaduka: risiva ikonzedwe kuti pampu iziima nthawi yomweyo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Injini ili yozima, chubu chili m'botolo, yendetsani pampu kenako muzimitse rimoti. Pampu ikapitiriza kulira, ndegeyo isauluke, chifukwa tsiku idzagwe idzakhala ikudzithirira yokha mafuta pamoto.

Utsi utsekedwe ndege isanayambe kutsika kudzatera, moto udakali wokwera, kuti mphepo itsuke zotsalira.

Chozimitsira moto chikhale pafupi nthawi iliyonse injini ikulizidwa, ndipo chikhale cha mpweya wa CO2. Cha ufa chimazimitsa ndithu, koma ufawo umalowa m'mabering'i ndi m'zida zamagetsi n'kuwononga zimene moto unasiya. Ku America bungwe la Academy of Model Aeronautics limafuna kuti woulutsa turbine akhale ndi chilolezo chapadera, chozimitsira moto chikhale pamalo, ndipo liwiro lisapyole mamailosi 200 (pafupifupi makilomita 320) pa ola. Ku Britain kuli British Model Flying Association, ku South Africa kuli SAMAA, ndipo makalabu a pansi pa mabungwewa amakhala ndi malamulo awoawo okhudza moto. Aliyense wodziwa mmene moto wolusa umathamangira m'udzu wouma mu Seputembala ndi Okutobala sangawaone malamulowa ngati ovutitsa.

Mafuta ake

Pali mafuta opangidwira ntchitoyi, monga AeroShell Smoke Oil ndi Super Dri. Ndi oyilo wopepuka, woyera ngati madzi, wosanunkha kwambiri, ndipo sagwira moto msanga. Kusiyana kwake ndi mafuta a injini kuli apa: nthunzi ya Jet A-1 ingathe kugwira moto mafutawo atangofika madigiri 38, ya dizilo pa madigiri 50 ndi kupitirirako, pamene oyilo wa utsi amafuna kutentha kopyola apo kutalitali. Utsi wake umakhalitsanso m'mwamba.

Dizilo ndi wotchipa ndipo amapezeka paliponse, n'chifukwa chake ambiri amayambira pa iye. Amafuka ndithu, koma amanunkha, amayaka msanga, ndipo mzere wake umabalalika mofulumira. Ena amamuthira pang'ono mu oyilo wolimba kuti pampu isavutike kukazizira. Parafini yekha ndi wopepuka kwambiri, amangofuna kuyaka. Mafuta ophikira amasiya phula m'pampu ndi makala m'kapaipi. Oyilo wakuda wochotsedwa m'galimoto ayi ndithu. Zonyansa zonse zili m'menemo mukuziuluzira m'mapapo a oonerera. Ngakhale mafuta abwinowo si opumira. Poyesa utsi pansi, mchira uloze kumene kulibe anthu, ndipo mphepo ikamaombera kwa oonerera kapena kunyumba za oyandikana ndi bwalo, swichi ija ingodikira tsiku lina.

Kulemera

Lita ya oyilo imalemera pafupifupi magalamu 850. Kuphatikiza thanki, pampu, batire ndi machubu, ndege ingathe kunenepa ndi makilogalamu 2. Pa ndege ya makilogalamu 12 chimenecho si chinthu chaching'ono: imathamanga mtunda wotalikirapo isananyamuke, ndipo ikafunika kutera mwadzidzidzi thanki zonse zili zodzaza imabwera ndi liwiro lalikulu, matayala ndi mabuleki n'kumva kuwawa. Pa ndege zikuluzikulu palinso lamulo. Ku Germany, ku Britain ndi ku America makilogalamu 25 ndiwo malire, ndipo yopyola apo imafuna kuyenderedwa ndi chilolezo china. Ndege imene inali m'munsi pang'ono mwa malirewo ingathe kuwadumpha chifukwa cha utsi wokha.

Choposa kulemera ndi malo ake. Ndege iliyonse ili ndi malo, chapakati pa mapiko, pamene kulemera kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo kumafanana. Thanki ya utsi imayamba yodzaza n'kutha m'mphindi zochepa, choncho ikakhala kutali ndi malowa ndege imasintha khalidwe ili m'mwamba. Ikakhala kutsogolo, ndege imanyamuka mphuno ili yolemera n'kumapepuka pang'onopang'ono, zimene n'zopiririka. Ikakhala kumbuyo, ndege imanyamuka mchira uli wolemera, ndipo ndege yolemera kumchira imamva ndodo mopyola muyeso moti ingathe kuthawa m'manja. Vuto n'lakuti malo abwinowo anatengedwa kale ndi thanki za injini. Nthawi zambiri pamakhala kugawana: ena amapereka imodzi mwa thanki za injini kwa utsi n'kuvomera kuuluka nthawi yofupikirapo. Mulimonse, ndege iyezedwe kawiri, thanki ya utsi ili yodzaza ndiponso ili yopanda kanthu.

Kuyesa ndi kusintha

Yambani injini ili yozima: chotsani chubu pa kapaipi, chiloze m'botolo loyezera, yendetsani pampu mphindi imodzi. Mukatero mwadziwa liwiro lake lenileni komanso mphindi zimene thanki ingakupatseni. Kenako ndege igwiridwe bwino pa simenti kapena pa phula, chozimitsira moto chili m'manja mwa mnzanu, injini ipatsidwe moto wokwera, pampu n'kuyambira pa liwiro lochepa. Utsi wopyapyala wobiriwirako ukusonyeza kuti mafuta achepa. Madontho pansi kuseri kwa ndege akusonyeza kuti achuluka kuposa amene kutentha kungathe kuwasandutsa, ndipo owonjezerawo sakuwonjezera utsi, akungonyowetsa mchira. Kuthwanima kwachikasu m'paipi ndiko kunena kuti tsekani pompo.

Utsi wa pansi umanamiza. Ndege itaima, mafuta onse amadzaza malo amodzi, mtambo n'kuphimba bwalo. M'mwamba, pa makilomita 250 pa ola, ndege imayenda makilomita 4 pa mphindi, ndipo theka la lita lija limatambasulidwa pa mtunda wonsewo. Mita iliyonse imalandira madontho awiri kapena atatu okha. Ichi ndicho chifukwa chake jeti zochita masewera pa liwiro lochepa zimasiya mzere wonenepa kuposa zothamanga, ngakhale pampu ili yofanana. Nyengo nayo imalowererapo. M'mawa kozizira, kopanda mphepo, thambo lili labuluu, mzere umakhala nthawi yaitali. Masana otentha amphepo umang'ambika msanga, ndipo kukakhala mitambo yoyera suoneka n'komwe.

Utsi si wa oonerera okha. Jeti ikafika kutali imasanduka kadontho, ndipo mzere wa kumbuyo umauza woyendetsa kumene yalunjika ndi mmene mphepo ikuikankhira. ECU ya JetCat ingathenso kukonzedwa kuti izidula utsi modukizadukiza batire likafooka kapena mafuta a injini akatsala pang'ono, chenjezo looneka ndi maso popanda kuchotsa diso pa ndege.

Za mitundu, oyamba kumene amafunsa kawirikawiri. A Red Arrows kwa zaka zambiri akhala akusakaniza utoto gawo limodzi ndi dizilo magawo atatu, ndipo utotowo umadetsa chilichonse chimene wakhudza. Pa ndege za rimoti ambiri safuna zimenezo m'pampu ndi pa penti yawo, choncho utsi wofiira kapena wabuluu umene mumauona kunsonga za mapiko nthawi zambiri umachokera ku timakatiriji toyaka. Timeneti ndi moto weniweni, ndipo tikayatsidwa palibe swichi yotizimitsa mpaka titatha tokha.

Ndege ikatera n'kuzizira, ntchito yotsala ndi ya nsalu. Ngakhale utsi wokonzedwa bwino umasiya mafuta pa mchira, ndipo akasiyidwa amalowerera m'mahinji a zipsepse, kufewetsa guluu ndi kumatula zomata. Popukutapo ndi pamene mumaonanso paipi ya mpweya: ngati yasintha mtundu mbali imodzi kapena khoma lake lakwinyika, kapaipi kasuntha ndipo mafuta akhala akuyakira m'kati, choncho paipiyo ichotsedwe n'kuyang'anidwa ndege isanaulukenso.